Kamtedza ndi Nsupa ya Mafuta a Nsomba

Padangokhala, masiku aja nyama zikadali ndi mafumu ndi akapitawo awo, padali gologolo wina wamkazi dzina lake Namchira. Ankakhala m'mphako ya mkuyu pamodzi ndi mwana wake mmodzi yekhayo, Kamtedza.

Kamtedza adali wakuthwa pakamwa koma wofooka miyendo. Anzake obadwa nawo nyengo imodzi ankalumpha kuchoka panthambi iyi kufika pa iyo, iye akati ayese miyendo inkangonjenjemera, n'kukhala pansi. Mtengo wonse unkadziwanso khalidwe lake: ukati khala, ankaimirira, ukati imirira, ankagona.

Tsono mkuyuwo udali utadyedwa ndi chiswe m'kati. Akuluakulu a agologolo adaugogoda, namva ukulira ngati ng'oma, ndipo adagwirizana kuti mvula isanagwe onse asamukire mu m'bawa woyandikana nawo. Njira idali imodzi yokha, kulumpha kuchokera kunsonga ya nthambi yaitali. Pansi sipankayendeka, chifukwa pankalondera Nkhandwe, kapitawo wa mfumu Mkango, amene ankati kalikonse kogwa mumtengo n'kake. Ndipo Kamtedza adali atapitirira msinkhu wonyamulidwa pakamwa.

Namchira sadafune kudikira kuti aone mmene zithere. Adalumpha mitengo mpaka kumtsinje, kwa Katumbu sing'anga, nafotokoza zonse.

"Miyendo ya mwana wanuyo ili ndi njala," adatero Katumbu. "Tengani nsupa iyi. Muli mafuta a nsomba, ndayenga ndekha. M'mawa uliwonse azimwa chigoba chimodzi cha nkhono. Azidyanso mokwanira, aziwothera dzuwa."

Namchira adatsegula nsupa ija, nanunkhiza, misozi n'kulengeza m'maso.

"A sing'anga, palibe ena onunkhirako?"

"Onunkhira alipo, koma ndi odzola. Inu mukufuna mwana wosalala kapena wolumpha?"

"Wolumpha."

"Ndiye amwe amenewo."

M'mawa mwake Namchira adathira mafuta m'chigoba, nakhala pakhomo pa mphako, n'kuyamba nyimbo imene adaipeka pobwerera. Idali nyimbo yodzutsa miyendo. Inkayamba ndi kuitana mwendo wakumanja kuti udzuke, kenako wakumanzere, n'kudzafika kumchira, ndipo pothera pake mwini miyendoyo ankayenera kuyankha potchula dzina lake.

Kamtedza adaikonda nyimboyo. Adagwedeza mutu, adagwedeza mchira. Koma pofika pothera adaona chigoba chikuyandikira, ndipo dzina lake adalitchulira m'mano, osatsegula kukamwa ngakhale pang'ono.

"Yasama, mwanangu."

Iye adapukusa mutu.

"Kamodzi kokha, ngati ukumeza malovu."

"Akununkha ngati a Katumbu," adayankhira m'mano momwemo.

"A Katumbuwo amawoloka mtsinje wodzaza chifukwa cha mafuta omwewa."

"Ine sindikufuna kuwoloka mtsinje."

Dzuwa lidakwera, mkono wa Namchira udatopa, mafuta adabwerera m'nsupa.

Tsiku lotsatira Namchira adasinja mtedza mpaka kusanduka chiponde, chimene Kamtedza ankachikonda kuposa chakudya china chilichonse, n'kudonthezeramo mafuta aja. Adaimba nyimbo ija mokoma, manja ali opanda chigoba. Kamtedza adayankha dzina lake mosangalala, natapa chiponde, n'kuika m'kamwa. Adatafuna kamodzi, n'kuima.

"Amayi, mwathiramo."

"Idya, mwanangu, chiponde chabwinobwino."

"Mwathiramo. Mwandinamiza."

Adalavula, nalowa m'mphako, n'kuyang'ana kukhoma. Tsiku limenelo sadadye kanthu, mawa lakenso chimodzimodzi. Ngakhale nkhuyu yothyola iye akuona ankainunkhiza uku ndi uku, n'kuikankhira kutali. Namchira ataona nthiti za mwana wake zikuyamba kuoneka, adakhala pafupi naye.

"Tamvera, Kamtedza. Kuyambira lero sindidzakubisiranso kanthu m'chakudya, ndipo sindidzakuuza bodza. Mafutawo uziwaona ndi maso ako m'chigoba."

"Ndiye sindidzamwa."

"Udzamwa. Koma idya kaye."

Mwana uja adadya.

Mkulu wake wa Namchira, amene ankakhala panthambi yapamwamba, adamva nkhaniyi nabwera atakwiyakwiya.

"Make Kamtedza, mankhwala samufunsa mwana. Ine ndim'gwire mphuno, iwe uthire."

Adachitadi zimenezo, opanda nyimbo. Kamtedza adalandira mafuta onse m'kamwa, natupitsa masaya, n'kudikira. Amayi ake aakulu atangomusiya mphuno, adawapemerera kumaso. Mafuta ena adayenderera pakhungwa la mkuyu mpaka kudonthera pansi. Amayi aakulu adabwerera kwawo akudzipukuta ndi masamba, osatsanzika.

Fungo lija silidachedwe kupeza mwini mphuno. Nkhandwe adafika patsinde, nanyambita pamene padadonthera mafuta, n'kuyang'ana kumwamba.

"Odi kumwambako."

"Takuonani, a Kapitawo," adayankha Namchira.

"Ndikumva fungo la nsomba. Agologolo mwayamba liti kuwedza?"

"Ndi mankhwala a mwana, a Kapitawo. Achokera kwa a Katumbu."

"Ponyani nsupayo pansi ndiiyeze. Za nsomba zonse zimayamba zadzera kwa ine."

"Ndikadaponya, koma lamulo la mfumu mukulidziwa kuposa ine. Wolanda mankhwala a wodwala amam'dula mchira."

Nkhandwe adacheukira mchira wake, nameza malovu. Namchira adayang'ana kapitawo uja, malovu ali chuchuchu, adayang'ananso Kamtedza amene ankasuzumira pakhomo pa mphako atakwinya nkhope. Pomwepo nzeru idam'fikira, ndipo adayankhula mokweza kuti onse awiri amve.

"Komatu lamulolo silinena za mankhwala amene wodwala wawakana. Amenewo alibe mwini. Muzibwera m'mawa uliwonse, a Kapitawo. Ndizimupatsa mwanayu choyamba. Akakana, chigobacho n'chanu."

"Amwe basi," adatero Kamtedza. "Amwe ndi nsupa yomwe."

Kutacha Nkhandwe adali atafika kale. Namchira adamanga chigoba ndi luzi lalitali, nathiramo mafuta, n'kulozetsa kwa mwana wake.

"Umwa?"

"Sindimwa."

Sadam'kakamize. Adatsitsa chigoba mpaka pamwamba pa mutu wa Nkhandwe, n'kuyamba nyimbo ija. Adaitana mwendo wakumanja, adaitana wakumanzere, adafika kumchira. Nkhandwe adangoimirira ndi miyendo yakumbuyo, nanyambita mafuta onse, ndipo pothera pa nyimbo adayankha dzina lake ndi mawu osasa amene adadzidzimutsa mbalame mumtengo monse.

Kamtedza adatulutsa mutu.

"Amayi, nyimbo imeneyo ndi yanga."

"Ndi ya womwa mafuta," adatero Namchira akukoka luzi.

Kamtedza adabweza mutu wake m'mphako.

M'mawa wotsatira Namchira adafupikitsa luzi pang'ono, ndipo Nkhandwe adachita kudumpha kuti afikire. Mawa lake adafupikitsanso. Tsiku lililonse Kamtedza ankakana, chigoba chinkatsika, koma chinkalekezera pamwamba kuposa dzulo lake. Nkhandwe ankathamanga kuchokera patali, n'kuponda pakhungwa la mkuyu, n'kulumphira chigoba, ndipo zikhadabo zake zinkasiya mizere imene inkakwerakwera kulunjika kumphako.

Mkulu wake wa Namchira adatsikanso.

"Wapenga kodi? Ukunenepetsa mdani, mafuta akutha, mitambo nayo yayamba kusonkhana."

"Achemwali, kulumpha kumeneku Nkhandwe adabadwa nako," adanong'ona Namchira. "Ine ndidangoyambira pansi dala. Pamene amalekezera ndikupadziwa, ndidamuona akulumphira nkhanga."

"Nanga mwanayo akapanda kumwa?"

Namchira adagwedeza nsupa pafupi ndi khutu. Idalira mopepuka kuposa mmene ankafunira.

"Amwa," adatero.



Nkhandwe yekha ndiye adali wokondwa. M'mawa wina, atalumpha mpaka pamene sadayesepo kufika pamtengowo, adadzinyambita milomo, nayamba kudziyang'ana miyendo.

"Mayi, mafuta awa ndi amphamvu. Taonani pamene ndafika lero. Zikapitirira chonchi, posachedwa ndizikuchezerani pakhomo panu pomwepo." Adatembenuzira maso kwa Kamtedza. "Ine ndi kamwana kanuko tidzadziwana bwino."

Atachoka, Kamtedza adakwawa mpaka pakamwa pa mphako, nayang'ana mizere ya zikhadabo ija nthawi yaitali. Wakumapeto udali pafupi moti ankaona khungwa lonyowa pamene padakandidwa.

"Amayi, mudati simudzandinamiza."

"Ndidatero."

"Kodi ndi mafuta akumukweza chonchi?"

"Za miyendo ya Nkhandwe ufunse Nkhandwe. Za miyendo yako adandiuza a Katumbu, ndipo ndidawakhulupirira. Chigoba ndi chimodzi, mwanangu. Chikapanda kulowa mwa iwe, chilowa mwa iye."

Kamtedza adabwerera m'mphako.

M'mawa mwake Namchira adathira mafuta monga mwa masiku onse.

"Umwa?"

Mwana uja adangoyang'ana chigobacho. Namchira adadikira pang'ono, kenako adayamba kutsitsa luzi, nyimbo ili pakamwa. Adaitana mwendo wakumanja. Pansi Nkhandwe adabwerera m'mbuyo kuti athamange bwino. Adaitana wakumanzere. Pomwepo luzi lidaleka kutsika, chifukwa Kamtedza adali ataligwira. Adalikoka pang'onopang'ono, mkono uwu, mkono uwo, mpaka chigoba chidafika pamaso pake. Adachigwira ndi manja awiri, natsinzina, n'kukhuthulira m'kamwa.

Ubweya wake wonse udaima. Masaya adatupa, khosi lidakana, mimba idafuna kubweza. Namchira adangopitiriza nyimbo mpaka kumchira. Kamtedza adatseka pakamwa ndi manja, nameza. Pothera pa nyimbo adatchula dzina lake kukamwa kuli kotsegula, misozi ikutsika.

"Ndi oipa," adatero.

"Ndi oipa zedi," adavomera mayi wake, akum'patsa nkhuyu yakupsa kuti atsukire m'kamwa.

"Tsitsani chigobacho aone," adatero Kamtedza.

Chigoba chidatsika chopanda kanthu. Nkhandwe adalumpha, nanyambita fungo lokha.

Kuyambira pamenepo kapitawo adapeza ntchito yatsopano, yonyengerera mwana kuti akane mankhwala. Ankafika m'mamawa, n'kukhala patsinde, mawu atawafewetsa.

"Mphwanga, ine ndikukumvera chisoni. Mafuta amenewo amathothola mchira."

"Wanuwo bwanji sudathothoke?"

"Anzako adzakuthawa chifukwa cha fungo."

"Inu mukundithawa?"

"Lero lokha pumula. Mwana samwa zowawa tsiku ndi tsiku."

Kamtedza ankamuyang'ana m'maso, n'kukweza chigoba kuti achione bwino, n'kumeza. Nkhope ankakwinyabe, nkhuyu ankaifunabe, koma ankameza. Namchira ankangoimba, mumtima akuthokoza kapitawo amene ankam'gwirira ntchito osadziwa.

Tsiku lina Nkhandwe adatopa, osabwera. Kamtedza adasuzumira pansi, n'kukankha chigoba.

"Lero palibe wondilanda. Ndipumule."

"Chabwino," adatero Namchira. Adakwera nthambi ina pamene padatera Njiwa. "Anzanga, mukamauluka mudzere kwa a Kapitawo. Muwauze kuti mwana wa Namchira wakana mafuta."

Silidali bodza. Posakhalitsa Nkhandwe adatulukira ali wefuwefu, lilime lili panja.

"Ndamva, ndamva. Tsitsani, mayi."

Kamtedza adatsomphola chigoba m'manja mwa amake, n'kumwa osatsinzina n'komwe.

Miyendo sidalimbe tsiku limodzi. Poyamba idangoleka kunjenjemera. Kenako Kamtedza adayamba kuthamanga panthambi osagwira ndi mchira. Namchira ankamudyetsa, ankamutulutsa padzuwa, n'kumamulozera timphanda tapafupi kuti alumphe. Ankaphonya, n'kugwera panthambi yapansi, n'kukwera akulira, n'kuyesanso popanda womuuza. Agologolo ena adayamba kusamuka banja ndi banja. Mkulu wake wa Namchira adali womaliza, ndipo pochoka adaima pansonga n'kucheuka.

"Musachedwe. Mtengowu usiku umalira."

"Tikupezani, achemwali. Mwanayu watsala pang'ono."

Koma mvula sidadikire kuti Kamtedza akonzeke. Masana ena kudabwera mphepo yamkuntho, madontho akuluakulu n'kuyamba kugwa. Mkuyu udalira m'kati, n'kupendekeka. Namchira adabereka nsupa kumsana, natsogoza mwana wake mpaka kunsonga ya nthambi yaitali ija. Kutsidya, mu m'bawa, agologolo onse adali atasonkhana akuyang'ana. Pansi, pakati penipeni pa mitengo iwiriyo, padakhala Nkhandwe, mutu uli m'mwamba.

"Musafulumire, mayi," adatero kapitawo. "Ine ndangobwera kudzaona kuti kogwa kasasowe wotola."

Kamtedza adayang'ana nthambi ya m'bawa ikugwedezeka ndi mphepo, adayang'ana pansi, miyendo n'kuyambanso kunjenjemera ngati kale.

"Amayi, a Nkhandwe akundiyang'ana."

"Iwe yang'ana nthambi."

"Sindingathe iwowo ali pamenepo. Yambani ndinu."

"Ine ndilumpha iwe utalumpha. Ukakhala, tikhala tonse."

Mkuyu udaliranso, nthambi n'kutsika pang'ono. Namchira adaona kuti mawu okha sakwanira. Adamasula nsupa kumsana, naigwedeza kuti mafuta otsalawo amveke.

"A Kapitawo, ife tikusamuka, katunduyu watilemera. Sindikukana kuti ndi wa mwana, koma mwini nyumba ndataya ndekha. Mchira wanu sukhudzidwa."

Adaiponya kutali, mbali ina ya mkuyu.

Nkhandwe adayang'ana mwana amene mwina agwa mwina sagwa, adayang'ananso nsupa imene idali itagwa kale, mafuta akuyamba kutayikira m'matope. Sadaganize kawiri. Adathamangira nsupa, n'kulowetsamo mlomo wake wonse kuti dontho lisam'phonye.

"Tsopano," adatero Namchira, n'kuyamba nyimbo.

Adaitana mwendo wakumanja, ndipo kutsidya mkulu wake adalandira. Adaitana wakumanzere, agologolo onse a mu m'bawa n'kulowa m'nyimbomo, akulu ndi ana omwe. Kamtedza adabwerera m'mbuyo, nakhazika miyendo, mvula ikum'menya kumaso. Nyimbo itafika kumchira adathamanga, ndipo dzina lake adalitchula ali m'malere.

Nthambi yaikulu adaiphonya. Adagwira kamphukira kowonda ndi manja okha, n'kulendewera, kamphukirako kakupindika. Dzanja limodzi lidaterereka. Namchira sadaleke kuimba. Miyendo yakumbuyo ya Kamtedza idapalasa mphepo, idapalasanso, kenako idapeza khungwa n'kuligwira. Idam'kankhira m'mwamba mpaka adagona chamimba panthambi, amayi ake aakulu n'kum'gwira pakhosi.

Apo ndi pamene Namchira adalumpha. Asanakhazikike bwino, kumbuyo kwake mkuyu udathyoka patsinde n'kugwa.

Nkhandwe adamva chiphokosocho koma sadaone kanthu, chifukwa mlomo udali utakanirira m'nsupa. Adathamanga mwakhungu, akudzigunda uku ndi uku, mpaka nsupa idasweka pamwala, mafuta otsala n'kumuyenderera ubweya wonse. Atafika kubwalo la mfumu, nduna zidatseka mphuno. Mkango adafunsa kumene kapitawo wake adatenga fungo la mankhwala a wodwala, ndipo Nkhandwe poyankha adachita chibwibwi. Mkango adam'siyira mchira, koma ukapitawo adaupereka kwa wina.

Mu m'bawa agologolo adazungulira Kamtedza, wina akum'gwira miyendo, wina akum'yamikira. Iye adangokhala, ubweya uli nyowe, nkhope atakwinya. Namchira adayesa kuti mwina wapweteka.

"Chavuta n'chiyani, mwanangu?"

"Mwamupatsa mafuta anga."

"Ndam'chotsa nawo panjira pako."

"Adali anga. Ndikadamwa mawa."

"Mvula ikakata ndipita kwa a Katumbu, ndikatenge nsupa ina."

"Inayo ndi ina. Ndikunena aja."

Namchira adapitadi kumtsinje, nabwera ndi nsupa yodzaza, ndipo Kamtedza adaimwa yonse mpaka kuitembenuza. Koma za nsupa yoyamba ija sadakhululuke. Nkhandwe akamadutsa pansi pa m'bawa, mutu uli pansi, Kamtedza ankathamangira kunsonga ya nthambi, n'kuimika mchira, n'kumam'kalipira kuti abweze mafuta ake. Atakula adaphunzitsa ana ake, anawo n'kuphunzitsanso awo.

N'chifukwa chake mpaka lero gologolo akaona nkhandwe sakhala chete. Amaima panthambi, mchira ukugwedezeka, n'kumalalata mpaka nkhandweyo atapita. Mlandu wa mafuta aja sudathebe.

Ine ndatsikira pompa, nthano yathera mumtengo.